Zingwe za Wailesi ya Amuna Anga

Amuna anga anagwa ali pantchito, kuchipata cha Songwe, mapepala a lole ya mchere ali m'manja. Ankagwira mu ofesi ina ya anthu othandiza amalonda kuwolotsa katundu pamalire. Foni ya anzawo inandipeza ndili m'kalasi ndikulemba pabolodi, ndipo ndinathamangira kumsewu choko chikadali m'zala. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Titabwerera kunyumba, dzanja lawo lamanja linkangolendewera, mwendo ankachita kukoka, ndipo mawu anali atawathawa. Anatsala ndi "eya", "ayi" ndi "choncho". Madzi akumwa anali "choncho", kupweteka kwa msana "choncho", ngakhale ine mkazi wawo ndinasanduka "choncho".

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, iwo ndi a ku Dedza. Boma linanditumiza kudzaphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Iponga ana athu akadali aang'ono, amuna anga n'kunditsatira, n'kudzapeza ntchito ya pamalireyo. Ana anakula n'kupita kumatauni. Ife tinatsala ndi kutentha kwa kuno, nthochi za kuseri kwa nyumba, ndi wailesi yawo.

Ndikati wailesi musaganize kabokosi konyamula m'manja. Anaisonkhanitsa pang'onopang'ono kwa madalaivala a malole ochokera ku Tanzania: ampulifaya yakuda yolemera ngati mphero, masipika awiri amatabwa ofika m'chiuno, ndi makina oimbira masidi. Loweruka masana ankaika rumba ya ku Kongo n'kumapolisha nsapato uku akugwedeza mapewa. Ine sindinkaikonda kwenikweni. Ndinkati ndi phokoso, makamaka ndikamachonga makope a ana.

Chaka chimene anadwalacho mvula inachuluka. Madzi anasefukira kuchoka m'minda ya mpunga n'kulowa m'nyumba mpaka kupitirira akakolo. Mayi woyandikana nafe, Mnkhonde wamtali amene amatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu, anabwera ndi amuna ake n'kutithandiza kukweza ampulifaya ndi masipika patebulo. Za zingwe palibe anaganizako. Zinatsala kuseri kwa kabati, m'matope, ndipo madzi ataphwa makoswe anamaliza zotsalazo.

Ndinali ndi zambiri zoganiza kuposa zingwe: kuwasambitsa, kuwaveka, kuthamangira kusukulu, kubwerera pa buleki kudzawamwetsa mankhwala. Wailesi ndinangoiphimba ndi chitenje. Koma masana aliwonse ndinkawapeza atakokera mpando pafupi ndi tebulo lija, akuloza ndi dzanja lamanzere. Ndikatsegula zenera, "ayi". Ndikabweretsa madzi, "ayi". Tsiku lina anakoka chitenjecho okha, n'kugwira chokwezera mawu cha ampulifaya, n'kumachizunguliza popanda kanthu kolira. Kenako anandiyang'ana.

"Mukufuna iimbe, bambo?" ndinafunsa.

"Eya," anatero. "Eya. Eya."

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi kupita ku Karonga pa boma. Mumsika munali bambo wina wokonza mafoni ndi mawailesi, amene aliyense ankangomutcha fundi. Ndinamuonetsa zidutswa za zingwe zakale, mapulagi ake atabiriwira ndi dzimbiri. Anandipatsa chingwe cha mapulagi ofiira ndi oyera, chomatidwa bwino m'pulasitiki, cholumikizira makina a masidi ku ampulifaya, komanso tiwaya tiwiri ta masipika.

"Ichi n'cha orijino, mama," anatero. "Chikafa ndiye kuti mwachipha mwekha."

Tsiku limenelo wailesi inaimba. Amuna anga anatseka maso, chala chikugunda pabondo. Koma mwezi usanathe sipika yakumanzere inayamba kudukiza mawu. Ndikagwedeza pulagi mawu ankabwerera, ndikasiya ankathawa. Ndinaipana ndi pegi ya zovala, inapirira pang'ono, kenako chingwe chonse chinafa. Ndinagula china, nachonso chimodzimodzi. Panalinso vuto lina: tiwaya ta masipika tinali tatifupi. M'nyumba ya malata kuno masana simukhalika, choncho amuna anga ankakhala pakhonde pamene pamawomba kamphepo kochokera m'nthochi, wailesi n'kumaimbira chipinda chopanda munthu.

Nthawi imeneyo kunabwera mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, kuchokera ku Lilongwe. Anabweretsa kasipika kakang'ono kolumikiza ku foni popanda waya.

"Alamu, mukungodzivutitsa," anandiuza. "Zimawailesi izi zinatha kalekale. Gulitsani kwa anthu oimbitsa pamaukwati, achimwene azimvera aka. Nyimbo zonse ndawaikira m'foni."

Anali ndi mtima wabwino, ndipo kasipikako kankamveka bwino ndithu, mpaka lero ndimamvera kukhitchini. Koma dzanja lamanzere la amuna anga linkaphonya pagalasi la foni, ndipo zilembo zinali zitawathawa pamodzi ndi mawu, moti sakanatha kusankha nyimbo. Masidi awo ankawadziwa ndi zithunzi za pachikuto, mabatani a ampulifaya ankawadziwa ndi zala. Anabweza foniyo n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

"Alamu, wailesi iyi sichoka m'nyumba muno," ndinatero. "Ndipo iimba."

"Muichita chiyani inuyo? Zogula zikukanika."

"Zingwe ndipanga ndekha."

Mlamu wanga anaseka, osati mwachipongwe, koma ngati mmene timasekera mwana wa Sitandade 1 akati akufuna kuyendetsa ndege. Ineyo sindinkadziwa ngakhale poyambira. Koma amuna anga anali atatembenuka, akuloza kuchipinda, kunsi kwa bedi.

Kunsi kwa bediko kunali bokosi lawo la zitsulo. Munali pulayala, timipeni, chitsulo chowotcherera chamagetsi, mtovu wokulunga ngati ulusi, ndi kachitini ka mafuta odzola kodzaza mapulagi akale achitsulo, otsegula pozunguliza. Ndinawakwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka anawala.

Ndinayamba ndi za masipika chifukwa zinkaoneka zosavuta. Ndinagula waya wamapasa wa magetsi a m'nyumba, wokhuthala bwino, wotalika kufika pakhonde. Kumeneko sikunafunike kuwotcherera, kunali kungosenda nsonga, kupota timawaya tamkuwa, n'kumanga kuseri kwa sipika ndi kwa ampulifaya. Nditaona kuti zatheka, ndinadula waya womwewo n'kumangirira mapulagi kuti ukhale chingwe cha makina a masidi. Ndinangopota ndi zala n'kukulunga tepi.

Nditayatsa, nyumba yonse inalira ngati mwalowa gulu la njuchi. Mkati mwa kulirako munkamveka mawu a bambo wina akuyankhula Chiswahili mofulumira, akulengeza mpira wa kutsidya. Sidi ndinali ndisanaike n'komwe. Mayi woyandikana nafe uja anasuzumira pazenera, lichero la mpunga lili m'manja, n'kundipatsa moni wa Chinkhonde.

"Mwaghona, aphunzitsi! Kasi mwagwira Tanzania?"

Amuna anga anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limene anagwa ndinali ndisanawamve akuseka. Ine manyazi anandigwira, koma ndinasekera limodzi nawo.

Atapuma, anandikodola. Anaimika chala changa chimodzi, n'kuchifumbata ndi chikhatho chawo chonse. "Choncho," anatero. Ndinaganiza kuti akundilimbitsa mtima, ndinawathokoza. "Ayi," anatero, n'kubwerezanso: chala pakati, chikhatho kuzungulira. Zinanditengera masiku kuti ndimve. Tsiku lina ndinatenga chingwe chakufa cha kwa fundi chija n'kuching'amba ndi lezala. Mkati munali kawaya kowonda ngati tsitsi, kovekedwa pulasitiki, ndipo kunja kwa pulasitikiyo kunali timawaya tina tochepa tokazungulira. Apo m'pamene ndinazindikira. Waya wonyamula nyimbo kupita ku ampulifaya umafuna chovala chachitsulo choutchinjiriza, apo ayi umatola phokoso lililonse loyenda mumphepo. Cha kumsika chija chovala chinali nacho, koma chosakwanira, ndipo mkuwa wake unali wochepa kwambiri moti kungopinda pang'ono unkaduka.

Chingwe chokhala ndi chovala chimene ndinkachidziwa chinali cha dishi ya kanema. Ndinapempha chidutswa kwa aphunzitsi anzathu amene anali atangoika dishi. Ndinachisenda, ndinapeza waya pakati ndi ukonde woyera kuzungulira, ndinasangalala. Tsopano panafunika kuwotcherera, ndipo magetsi sabata imeneyo ankangobwera n'kuthawa. Sindinafune kudikira. Ndinasonkha mbaula n'kuika nsonga ya chitsulo chija pamakala, chigwiriro ndikuchiteteza ndi kansalu konyowa.

Mtovu unasungunuka, koma pa ukonde woyera uja unkangogubuduka ngati madzi patsamba la nthochi. Ndinatenthetsa kwambiri, pulasitiki ya mkati inasungunuka n'kununkha, pulagi imodzi n'kuwonongeka. Dontho la mtovu linandigwera pachala chimene ndimagwirira choko. Ndinaponya zonse pansi n'kupita kuseri kwa nyumba kukaviika chalacho m'ndowa, misozi ikutuluka, ina ya ululu ina ya mkwiyo. Nditabwerera ndinapeza amuna anga atatola sipuni, akugogoda poto wa tiyi, kenako akuloza ukonde uja. Poto, ukonde. Poto, ukonde.

"Ndi chitsulo chimodzi ndi poto?" ndinafunsa.

"Eya."

Mapoto amenewa ndimawadziwa. Akabooka, okonza sawamata ndi mtovu, amachita kukhomerera chigamba. Ndiye kuti ntchito yonse ya tsiku limenelo inali yosatheka kuyambira pachiyambi. Lolemba ndinalemba pabolodi ndi chala chomanga bandeji, ana akufunsa ngati ndapsa ndi phala.

Amene anandipulumutsa anali mayi wa kwaya uja. Ndinamufotokozera kuti ndikufuna chingwe chofewa, cha chovala chamkuwa. Anaganiza pang'ono, kenako anati:

"Kutchalitchi kuli chingwe cha maikolofoni chakufa. Timapachikira makatani pa Khirisimasi. Ndikapempha kwa madoda a mpingo."

Anabwera nacho madzulo a Lamlungu, chakuda, chachitali, chodzaza fumbi ndi ndowe za abuluzi. Nditasenda nsonga, chovala chake chinali cholukidwa mothinana ngati mkeka, chofiirira, mkuwa weniweni. Koma chinali chakufa, kutanthauza kuti penapake mkati chinali chitaduka. Apa ndiye ndinali kwathu. Chaka chilichonse ndimaphunzitsa ana kuyatsa babu la tochi ndi batire ndi waya. Ndinadula chingwecho pakati n'kuyesa mbali iliyonse: babu likayaka ndiye kuti mbali imeneyo ndi yamoyo. Mbali yakufa ndinaidulanso n'kuyesanso, mpaka ndinapeza podukapo, pafupi ndi nsonga pamene anthu ankakokera. Ndinatsala ndi zidutswa zabwino zokwanira kulakwitsa kangapo.

Tinkagwira ntchitoyo Loweruka m'mawa, dzuwa lisanakwiye. Amuna anga ankagwira pulayala ndi dzanja lamanzere, pulagi ili pakamwa pa pulayalayo, ndipo kuti asatope kufinya ndinamanga zigwiriro ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndikachedwetsa chitsulo pa waya ankati "ayi!" mokalipa ngati ahedi, ndikachotsa msanga ankatinso "ayi". Pang'onopang'ono ndinaphunzira kuti uyambe wapaka mtovu pa waya payekha ndi pa pulagi payokha, kenako uziphatikize n'kukhudza ndi chitsulo kamphindi chabe. Mfundo yanga yoyamba inatupa ngati nkhupakupa ya ng'ombe. Yachiwiri inakhudzana ndi chovala, babu n'kuyaka pamene silinayenere kuyaka, ndinadula n'kuyambiranso. Tinakangana kwambiri masiku amenewo, ine ndi mawu ambiri, iwo ndi mawu awo ochepawo, ndipo nthawi zambiri opambana anali iwo.

Tsiku limene mapulagi onse anatha, ndinatulutsa masipika pakhonde, ndinalumikiza zonse, ndinayatsa. Kunali zii. Njuchi zija kunalibe, wa mpira uja kunalibe. Ndinachita mantha kuti mwina ndapha ampulifaya. Amuna anga analoza sidi ina ya chikuto chachikasu, ndinaiika, magitala anayamba, oyera bwino, masipika onse awiri. Ndinaimirira manja ali m'chiuno ndikudikira kuyamikiridwa.

Iwo anakwinya nkhope. "Ayi."

"Ayi chiyaninso, bambo? Si ikuimba iyi?"

Anadzigunda pachifuwa, kenako anatembenuza chikhatho, kumwamba, pansi, n'kuloza sipika yakumanja. Ndinakwiya. Ndinawauza kuti ndapsa chala, ndapempha zinthu kutchalitchi ngati wamasikini, ndipo ngati sakukhutira apange okha. Mawu amenewo anatuluka ndisanawaganize. Iwo sanakhumudwe, anangopitiriza kutembenuza chikhatho. Pofuna kuwaonetsa kuti palibe chisinthe, ndinagwada kuseri kwa sipikayo, ndinamasula mawaya awiri aja n'kuwasinthanitsa.

Besi inabwera ngati munthu walowa pakhomo. Ndinaimva m'simenti ya pakhonde, kudzera m'mawondo. Mawaya amapasa aja anali a mtundu umodzi, ndipo ndinali nditamanga sipika imodzi mozondoka, moti ina ikamakankha inzake inkakoka. Ine khutu langa silinaone vuto, lawo linaona. Ndinatenga ulusi wofiira n'kumanga pa waya umodzi nsonga zonse kuti ndisadzasokonezenso. Masana amenewo anthu opita kudambo ndi ng'ombe ankachedwa pamsewu, ena akuvina pang'ono asanapitirire.

Patapita masabata angapo, mayi wa kwaya uja anabwereka khonde lathu. Amayi a kwaya yake ankakonzekera msonkhano wa chigawo ndipo ankafuna kumvera sidi ya kwaya ina kuti atolere mawu. Anakhala pamikeka, ndinawaikira sidiyo, ine n'kulowa m'nyumba kukasita. Inali nyimbo yakale ya m'buku la kutchalitchi, imene tonse tinakula tikuimba. Amayi anayamba kutsatira. Kenako pansi pa mawu awo ndinamva liwu lachimuna, losasa, lochedwa pang'ono, koma likutchula mawu onse a ndimeyo, limodzi ndi limodzi.

Ndinatuluka simbi ili m'manja. Amuna anga, amene sankatha kupempha madzi, ankaimba. Amayi ena anasiya kuimba n'kugwira pakamwa, koma mtsogoleri wawo anawakodola mwamphamvu kuti apitirize, asawadzidzimutse. Nyimbo itatha ndinagwada pafupi nawo.

"Bambo, nenaninso mawu aja."

Anayesa. Milomo inagwedezeka. "Choncho," anatero, n'kugwetsa nkhope.

Namwino wa pachipatala chathu chaching'ono anandiuza kuti zimachitika ndithu, ena oti kuyankhula kunawathawa amatha kuimba, ndipo anati ndizigwiritse ntchito. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwafunsa zinthu moimba. Ndinkatenga chuni cha nyimbo iliyonse n'kuikamo mawu anga: kodi mukufuna tiyi, kodi msana ukupweteka, kodi tilowe m'nyumba. Iwo ankayankha moimbanso. Anthu odutsa ayenera kuti ankati aphunzitsi aja mutu wasokonekera. Mawu ena anabwerera motero, "madzi", "tiyi", "kutentha", "amayi". Ambiri sanabwerere, ndipo sindikudziwa ngati adzabwerere. Dzanja lamanja likadali lolendewera.

Mphunzitsi mnzanga wina, amene anagula wailesi yake yatsopano chaka chatha, anandifunsa ngati zingwe zopanga wekha zimamveka bwino kuposa zogula, poti nayenso ankafuna kuyesa. Ndinamuuza zoona. Chingwe cha kwa fundi chija, tsiku loyamba chisanayambe kuduka, chinkamveka chimodzimodzi ndi changachi, ndipo ngakhale amuna anga ndi khutu lawo lija sanadandaule nacho. Ndinati ngati wapeza chogula cholimba, chotalika mmene akufunira, agule, asapse zala pachabe. Za masipika zokha apange, poti n'zosavuta ndipo waya wake uli paliponse. Changa chimaposa pa chinthu chimodzi: ndimadziwa zimene zili mkati mwake. Mbuzi ya aneba itakola mwendo pa waya n'kuzula pulagi, ndinaitsegula, ndinawotcherera, tiyi asanazizire wailesi inali ikuimba.

Panopa chavuta ndi china. Kathireyi koikapo sidi m'makina a masidi kayamba kukana kutuluka, kamangolira mkati, ndipo amuna anga amachita kukakoka ndi chikhadabo. Ndamasula chivundikiro ndaona kuti muli kalamba kakang'ono ka mphira kamene katambasuka. Fundi akuti zoterezi anasiya kugulitsa. Loweruka ndipita ku Songwe kukafunsa kwa anzawo akale a amuna anga, mwina dalaivala wina angakapeze kutsidya. Akakalephera, ndayeza kale kukula kwake ndi ulusi, ndipo chubu cha njinga chikadalipo, ndidula kanga.